KATUNDU AKALEMERA AMATULA: KUPANIKIZIKA NDI NTCHITO

Zimene zinachitika m'sewero

M'gawo la sewero limene tinamvera pawailesi munali mayi wina, mphunzitsi wa Sitandade 1. M'kalasi mwake munali ana opitirira 100. Tambala woyamba akalira mayiyu ankadzuka, kukatunga madzi kumjigo, kuphikira ana phala, kenaka n'kuyenda mtunda wautali kupita kusukulu. Akaweruka ankapita kukathandiza amuna ake kumunda wa mpunga, chifukwa banjalo linali ndi ngongole ya feteleza. Usiku ankachonga makope a ana mounikira ndi tochi. Pakhomopo panalinso apongozi ake odwaladwala ndi ana awiri amasiye a mchemwali wake.

Mutu unayamba kumuwawa tsiku ndi tsiku. Anapita kuchipatala katatu kukayezetsa malungo, koma katatu konseko malungo sanapezeke. Tulo tinasowa. Tsiku lina anamenya mwana m'kalasi chifukwa chotaya pensulo, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire uphunzitsi. Atatero anatuluka n'kukalira kuseri kwa kalasi.

A hedi anati, "Madamu, ngati ntchito mwatopa nayo nenani, oifuna ndi ambiri." Apongozi anati, "Mwana wanga, izi si zachabe ayi, alipo akukuchitira kaduka kusukuluko." Amuna ake anati, "Amayi, masiku ano mwayamba mwano."

Magulu omvera wailesi a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka atakambirana za gawoli, anthu anagawikana. Ena anagwirizana ndi a hedi kuti ndi ulesi. Ena anagwirizana ndi apongozi. Koma ambiri, amuna ndi akazi omwe, anati, "Zimenezi zimandichitikiranso ine." N'chifukwa chake taona kuti nkhaniyi ilembedwe m'kabukuka.

Mayi wa m'seweroyu sanali waulesi, sanalodzedwe, ndiponso sanachite misala. Anasenza katundu woposa mphamvu zake kwa nthawi yaitali, osatula. Vutoli timalitchula kuti kupanikizika m'maganizo. Ena amati kuganiza kwambiri, ndipo achinyamata masiku ano amangoti sitiresi.

Kodi kupanikizika n'chiyani?

Tiyerekeze kuti mukupita kudimba m'mamawa ndipo mwatsala pang'ono kuponda njoka. Nthawi yomweyo mtima umagunda mofulumira, mpweya umakwera, m'kamwa mumauma, thukuta limatuluka, ndipo mumalumpha kutali kuposa m'mene mumalumphira masiku onse. Chimachitika n'chakuti ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tating'ono tokhala pamwamba pa impso. Tiziwaloti timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Timadzi timeneti timathamangitsa mtima, timakweza shuga m'magazi, timalimbitsa minofu, ndipo timayamba taimitsa ntchito zina monga kugaya chakudya, kuti mphamvu zonse zipite kothawa. Njoka ikapita, thupi limabwerera mwakale.

Choncho kupanikizika pakokha si matenda. Ndi chitetezo chimene tinabadwa nacho. Kupanikizika pang'ono kumathandiza: mlimi amawokera mpunga nthawi yake isanathe, ndipo mwana wasukulu amalimbikira mayeso akayandikira.

Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa njoka ndi ngongole. Bwana wokalipa, malipiro ochedwa, mzere wautali wa odwala, kalata ya sukulu fizi, zonsezi thupi limazitenga ngati njoka. Koma njoka imapita, pamene ngongole imagona nafe m'nyumba n'kudzuka nafe m'mawa. Timadzi tija tikamathiridwa m'magazi tsiku ndi tsiku kwa miyezi, thupi limayamba kuonongeka. Tulo timasokonezeka, m'mimba mumavuta, magazi amatha kuyamba kuthamanga, ndipo mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda imachepa.

Kodi chimalemetsa ntchito kuno kwathu n'chiyani?

Anthu ena amaganiza kuti vutoli ndi la anthu a m'maofesi a ku Lilongwe ndi Blantyre okha. Ayi ndithu. Aliyense amene amagwira ntchito, yolembedwa kapena yakeyake, angathe kupanikizika.

Mlimi wa mpunga wa m'sikimu ya Bwanje, imene ili ndi mahekitala pafupifupi 800 ndipo imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe, amadera nkhawa za madzi, za mbalame, za ngongole ndi za mtengo umene mavenda adzagulire. Msodzi amachezera usiku wonse panyanja, ndipo nthawi ya mwera amabwerako chimanjamanja. Wakabaza wa pa Golomoti amayenera kupeza kaye ndalama ya mwini njinga asanaganize za ufa wa kunyumba kwake. Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa Salima amaona malonda ake akuvunda ndi dzuwa. Aphunzitsi akhala ndi makalasi odzaza kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo ana asukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kuposerapo. Anamwino, alangizi a zaumoyo ndi apolisi amaona imfa ndi ngozi kawirikawiri, koma mawa lake amayenera kubwereranso kuntchito ngati sipanachitike kanthu.

Zaka zapitazi katundu waonjezekera. Matenda a COVID-19 anafika m'dziko muno mu 2020. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera pamene malipiro a anthu ambiri anatsalira m'mbuyo. Mu 2024 kunagwa chilala, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi.

Pa zonsezi, zinthu zimene zimapanikiza munthu kwambiri pantchito ndi izi: ntchito yochuluka pamene anthu ndi zipangizo n'zochepa; kusakhala ndi mawu pa kagwiridwe ka ntchito yako; malipiro osakwana kapena osadziwika tsiku lake; kunyozedwa kapena kufunsiridwa ndi wamkulu pantchito; kugwira usiku kawirikawiri; ndiponso kuweruka pantchito n'kukayamba ina kunyumba, monga zimachitikira amayi ambiri. Kuno kunsi kwa phiri tionjezepo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumatopetsa thupi ndi kusowetsa tulo.

Vutoli si la ku Malawi kokha. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO pamodzi ndi bungwe loona za ntchito la ILO ananena kuti chaka chilichonse masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni amatayika pa dziko lonse chifukwa cha nkhawa ndi matenda a kukhumudwa.

Zizindikiro zake

Kawirikawiri thupi ndilo limayamba kulankhula mwini wake asanavomere. Zizindikiro zake tingazigawe patatu.

M'thupi: mutu wowawa ngati wamangidwa ndi chingwe, kuuma kwa khosi ndi mapewa, msana, mtima kugunda mofulumira, kutentha pamtima, kutsegula kapena kudzimbidwa m'mimba, kusowa chilakolako cha chakudya, kudzuka pakati pa usiku osapezanso tulo, kudzuka m'mawa uli wotopa kale, ndiponso kuchepa kwa chilakolako cha m'banja.

M'maganizo: kuganiza chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza, kuiwalaiwala, kulephera kusankha chochita ngakhale pa zinthu zazing'ono, mantha opanda chifukwa chooneka, ndi kuona ngati zonse zakuunjikira iwe wekha.

M'khalidwe: kupsa mtima msanga, kukalipira ana ndi anzako a pantchito, kulira pa zinthu zazing'ono, kudzipatula, kusiya kupita kumapemphero kapena kumacheza, kujomba, kulakwitsa ntchito imene umaidziwa bwino, ndi kuonjezera mowa kapena fodya.

Si kuti munthu amakhala ndi zizindikiro zonsezi. Koma ngati zingapo zakhala nanu kwa masabata angapo, ndipo zimakula mukaganiza za ntchito, imani kaye mudzifunse.

Yambani mwayezetsa kuchipatala

Tisathamangire kunena kuti mutu uliwonse ndi maganizo. Kuno kunyanja malungo ndi ambiri, ndipo amapha. Kuchepa kwa magazi, likodzo, matenda a shuga, chifuwa chachikulu ndi kachilombo ka HIV zimabweretsanso kutopa ndi kufooka. Kuthamanga kwa magazi ndiye kumabisala kwambiri. Kafukufuku amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse, mmodzi anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. Ngati muyezo wanu ukufika pa 140/90 kapena kupitirira maulendo angapo, mufunika chithandizo.

Mayi wa m'sewero uja anachita bwino kupita kukayezetsa. Chimene chinasowa n'chakuti iye sananene za tulo ndi za ngongole, ndipo achipatala nawonso sanamufunse. Mukapita kuchipatala fotokozani zonse, za m'thupi ndi za mumtima zomwe. Achipatala akakuuzani kuti malungo mulibe, sakutanthauza kuti mukunama. Ululu mukuumvawo ndi weniweni, koma gwero lake lili pena.

Kutopa kumene sikutha ndi kugona

Pali kutopa kwa masiku onse, kumene kumatha munthu akasamba, kudya nsima ndi kugona. Koma pali kutopa kwina kumene kumabwera munthu akapanikizika pantchito kwa nthawi yaitali popanda thandizo. Mu 2019 bungwe la WHO linakulemba m'buku lake la mndandanda wa matenda, osati ngati nthenda, koma ngati vuto lochokera kuntchito. Pa Chingerezi amakutchula kuti burn-out, ndiye kuti kunyeka mpaka kutsala phulusa. Zizindikiro zake ndi zitatu: mphamvu zimatheratu, mtima umachoka pantchito moti munthu sasamalanso za anthu amene akuwatumikira, ndipo ntchito imene ankaichita bwino imayamba kumukanika.

Ine ndine namwino, ndipo zimenezi zinandichitikira. Kumayambiriro kwa 2023, kolera itavuta, tinali ochepa pachipatala china chimene ndinkagwirako ntchito. Ndinatha masabata angapo osapuma tsiku lathunthu. Tsiku lina kunabwera mayi ndi mwana wofooka kwambiri, maso atalowa m'kati. Ndisanamulandire n'komwe ndinamukalipira kuti wachedweranji. Mayiyo anayankha motsitsa mawu kuti, "Pepani anamwino, ndanyamuka m'bandakucha wapansi, mtsinje unadzaza." Ndinamuika mwanayo diripi, koma mumtima mwanga simunamveke kanthu, ngakhale chisoni kapena manyazi. Madzulo omwewo mnzanga anandigwira dzanja ndili pafupi kulemba mankhwala pa khadi la wodwala wina. Ananditengera pambali n'kunena kuti, "Asisi, simuli bwino. Pitani mukagone, ndikugwirirani." Ndinakana, koma anaumirira.

Mwana uja anachira. Koma ndimadzifunsabe kuti mayi uja akadzadwalanso, kodi adzabwera kuchipatala, kapena adzakumbukira mawu anga n'kukhala kunyumba? Apa ndi pamene ndinadziwira kuti kupanikizika kwa wantchito sikupweteka iye yekha. Kumapweteka wodwala, mwana wa m'kalasi, wokwera pakabaza, ndi banja la kunyumba.

Njira zonamiza

Munthu akathodwa amafuna chomupeputsa msanga. Njira zina zimaoneka ngati zikuthandiza koma zimaonjezera katundu.

Mowa umagonetsa msanga, koma tulo take si tabwino, ndipo munthu amadzuka pakati pa usiku nkhawa itakula. Ndalama yapita, ngongole ili pomwepo. Chamba chimasokoneza maganizo, ndipo kwa ena chimayambitsa misala. Zakumwa zopatsa mphamvu zimene oyendetsa njinga ndi galimoto amamwa kuti asagone zimathamangitsa mtima, ndipo sizilowa m'malo mwa tulo. Kumwa panado kapena mankhwala ena a mutu pafupifupi tsiku lililonse kungathe kuyambitsa mutu wina wosatha, ndipo asipirini ndi bulufeni akachuluka amapweteka m'mimba. Kutenga katapila kuti mubweze ngongole ina kuli ngati kukumba dzenje lalikulu kuti mukwirire laling'ono. Kukhuthulira mkwiyo pa mkazi, mwamuna kapena ana ndiye kugwetsa mtengo umene mukanapumulira pamthunzi pake.

Kodi tingatani?

Mayi wosenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri akamva khosi likuwawa, sadikira kuti agwe. Amatula, amakonza nkhata, amapuma, mwina amagawa mtolowo pawiri. Nafenso tichite chimodzimodzi.

1. Vomerani ndi kulitchula vutolo. Nenani mumtima mwanu kuti, "Ndapanikizika." Kuvomera si kufooka ayi. Munthu amene akuti ali bwino pamene sali bwino safuna thandizo.

2. Masulani mtolo. Tengani pepala mulembe zonse zimene zikukuvutitsani. Ngati kulemba kumakuvutani, tolani timiyala, kamwala kalikonse kaimire vuto limodzi. Kenaka gawani patatu: zimene mungathe kuchita nokha, zimene zikufuna thandizo la ena, ndi zimene simungathe kuzisintha, monga mvula ndi mtengo wa feteleza. Sankhani vuto limodzi, laling'ono, muyambe ndi limenelo sabata ino. Mavuto akakhala m'mutu onse pamodzi amaoneka ngati phiri, koma akaikidwa pansi amawerengeka.

3. Pumani mpweya mwachifatse. Mukamva mtima ukuthamanga kapena mkwiyo ukubwera, khalani pansi. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ifufume. Tulutsani pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani maulendo 10. Kutulutsa mpweya mochedwa kumachepetsa kugunda kwa mtima. Mungathe kuchita zimenezi m'kalasi, m'bwato, ngakhale pamzere wa kuchigayo.

4. Samalani tulo. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena 8. Yesetsani kugona ndi kudzuka nthawi yofanana. Pewani tiyi wamphamvu ndi khofi madzulo, ndipo foni muziisiya patali. Nkhani za ngongole muzikambirana masana, osati pamphasa. Ngati mumagwira usiku, monga asodzi, alonda ndi anamwino, apempheni a pakhomo kuti akupatseni mpata wogona masana. Gonani m'neti nthawi zonse.

5. Idyani ndi kumwa madzi. Ambiri amapita kuntchito osadya kanthu, n'kudzadya madzulo. Njala ndi ludzu zimaonjezera mutu ndi kupsa mtima. Phala, mbatata, chinangwa kapena nthochi m'mawa zimathandiza. Nthawi yotentha yendani ndi botolo la madzi abwino.

6. Lipatseni thupi chimene likusowa. Amene amakhala pampando tsiku lonse ayende ndawala kapena kupalasa njinga mphindi 30 masiku ambiri pa sabata. Koma amene amalima, kupalasa bwato kapena kusenza katundu tsiku lonse akusowa mpumulo, osati masewera ena. Khalani ndi tsiku limodzi pa sabata losagwira khasu. Kwaya, bawo, mpira, gule ndi mapemphero si kutaya nthawi.

7. Phunzirani kukana mwaulemu. Munthu mmodzi amapezeka ali m'komiti ya sukulu, ya mjigo, ya tchalitchi ndi ya banki m'khonde. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mungathe kunena kuti, "Zikomo pondikhulupirira, koma chaka chino sinditha."

8. Ngongole musaithawe. Pitani kwa mwini ndalama kapena kugulu tsiku lobweza lisanafike, mufotokoze, mupangane kabwezedwe kena. Mwamuna ndi mkazi adziwitsane ngongole zonse. Ngongole yobisa ndiyo imalemera kwambiri.

9. Uzani munthu wina. Sankhani munthu wosunga chinsinsi: mnzanu, ankhoswe, abusa, a shehe, mlangizi wa zaumoyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kodi kulankhula kumachiza?

Bambo wina pa zokambirana anafunsa kuti, "Kodi ndikauza munthu, ngongole yanga itha?" Yankho ndi lakuti ngongole siitha, koma mutu umapepuka, ndipo mutu wopepuka umapeza njira.

Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006 mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka mankhwala kapena ndalama. Amamvetsera, amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza yekha chochita. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndi zimene agogo athu ankachita pakhonde.

Mawu kwa olemba ntchito ndi akuluakulu a pantchito

Kupuma mpweya mwachifatse sikungachepetse ana 100 m'kalasi. Gawo lina la vutoli lili m'manja mwa amene amagawa ntchito. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati wantchito asapitirire maola 48 pa sabata pa nthawi yake yokhazikika, ndipo apume tsiku limodzi lathunthu sabata iliyonse. Limaperekanso tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka kwa ogwira masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku 5. Amene wagwira ntchito miyezi 12 akadwala, ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala, ayenera kulandira malipiro onse kwa masabata 4, ndi theka la malipiro kwa masabata 8. Apolisi ndi asilikali ali ndi malamulo awoawo. Amene ali ndi dandaulo angathe kupita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lawo.

Palinso zinthu zosafuna ndalama. Gawani ntchito mosakondera. Konzani ndondomeko ya ogwira usiku nthawi ikadalipo, kuti anthu adziwiretu. Dzudzulani munthu pambali, osati pagulu. Yamikirani ntchito yabwino. Wantchito wakhama akasintha mwadzidzidzi, mufunseni kaye musanamulembere kalata. A hedi a m'sewero aja akanangonena kuti, "Madamu, takhalani pansi, chavuta n'chiyani?" nkhani ikanayenda mwina.

Mawu kwa a pabanja

Ngati mkazi ndi mwamuna onse amagwira ntchito, ntchito za pakhomo zigawidwenso. Bambo kutunga madzi panjinga kapena kusambitsa mwana sikuchotsa ubambo. Ana okulirapo, anyamata ndi atsikana omwe, athandize. Kusamala wodwala kusagwere munthu mmodzi, achibale azisinthana. Mutu umodzi susenza denga.

Mnzanu akayamba kukuuzani za kukhosi, musamudule mawu. Musanene kuti, "Limba mtima, ndiwe mwamuna," kapena "Ena akuvutika kuposa iwe." Amuna ambiri amafa ndi nkhawa chamumtima chifukwa choopa kusekedwa. Mvetserani, ndipo zimene mwamvazo zithere pomwepo.

Ndi liti pamene tiyenera kuthamangira kuchipatala?

Kupanikizika kukakhalitsa kungathe kusanduka matenda a kukhumudwa kapena a nkhawa. Matendawa ali ndi chithandizo, cha uphungu ndi cha mankhwala. Pitani kuchipatala ngati:

mwakhala wosasangalala, wopanda chidwi ndi chilichonse, pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo;

mukulephera kudzuka, kusamba, kudya kapena kugwira ntchito;

simungathe kuyamba tsiku osamwa mowa;

mukumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona;

mukuopa kuti mupweteka mwana kapena munthu wina.

Ngati mukumva kupweteka kwambiri pachifuwa, kubanika, kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, musanene kuti ndi maganizo chabe. Pitani nthawi yomweyo.

Chachikulu koposa ndi ichi. Munthu akanena kuti, "Bola ndingofa," kapena akayamba kutsanzika ndi kugawa katundu wake, musayese nthabwala. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi, koma kumamutsegulira khomo loti alankhule. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi china chilichonse chimene angadzipweteke nacho, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati maganizo amenewa akubwera kwa inu amene mukuwerenga, uzani munthu lero lomwe. Maganizo otere amabwera mwamphamvu koma amadutsa, ndipo anthu ambiri amene anathandizidwa ali moyo, akulera ana awo.

Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku Mua. Achipatala akaona kuti pakufunika thandizo loposa, adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha Dedza, kumene kuli ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kupita kumalo amenewa sikutanthauza kuti munthu wapenga.

M'mene sewero linathera

Ulendo wachinayi mayi uja anapita kuchipatala ndi amuna ake. Namwino atamuyeza anamufunsa kuti, "Mayi, kodi mumagona bwanji?" Apo ndi pamene anafotokoza zonse, amuna ake akumva. Ngongole sinathe tsiku limenelo, ndipo ana m'kalasi sanachepe. Koma bambo anayamba kutunga madzi panjinga, mlamu wake anatenga apongozi kwa mwezi umodzi, gulu la ngongole linavomera kuti abweze akakolola, ndipo a hedi anamupatsa mphunzitsi wina woti azisinthana naye. Mayiyo anakapepesa kwa mwana uja ndi kwa makolo ake. Mutu unayamba kuleka pang'onopang'ono.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi ndi zizindikiro ziti zimene mayi wa m'seweroyu anaonetsa asanamenye mwana? Ndani akanatha kuziona msanga?

2. N'chifukwa chiyani amuna ambiri savomera kuti apanikizika? Tingawathandize bwanji?

3. Kodi pantchito panu kapena m'gulu lanu ndi chinthu chiti chimodzi chimene mungasinthe mwezi uno popanda ndalama?

4. M'mudzi mwanu, ndani amene anthu angapiteko ndi nkhawa zawo, nkhani yake osamveka pamjigo?

Kumbukirani

Kupanikizika si ulesi, si ufiti, si misala. Yambani mwayezetsa matenda ena, ndipo achipatala muwauze zonse. Mowa ndi katapila sizichotsa nkhawa. Gawanani ntchito kunyumba ndi kuntchito komwe. Munthu wolankhula za imfa asasiyidwe yekha. Mukaona mnzanu wasintha, mufunseni lero.